Tabadi ya Nkhanga

Kwa telala amene anasokapo masuti a akwati zaka khumi ndi ziwiri pakhonde la sitolo ku Area 25, tabadi ndi chipongwe chenicheni. Ilibe manja, ilibe kolala, ilibe batani ngakhale limodzi. Ndi nsalu yaitali yoboola pakati poti mutu ulowe, mbali ina igwere kutsogolo, ina kumbuyo, kenako n'kumanga lamba m'chiuno, basi. Flywell ataiona koyamba pa foni ya mwana wake wamkazi Miracle, anati ikufanana ndi zija amavala ogulitsa mayunitsi m'misewu ya ku Lilongwe. Miracle anaseka, ndipo kuseka kumeneko bambo wake anali asanakumve kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Unali mwezi wa Epulo, chaka cha 2021, m'galaja ya kanyumba ka lendi ku Joondalup, dera la mzinda wa Perth ku Australia, momwe Flywell anaikamo makina ake. M'mawa ankachapa ndi kusita kunyumba ina yosamalira okalamba. Akaweruka ankasoka mamasiki a chitenje, omwe Amalawi a mu Perth ankalimbirana chiyambire pamene boma linalamula zophimba kukamwa. Mamasikiwo ndiwo anabweretsa Miracle pakhomo pake ulendo woyamba, miyezi iwiri m'mbuyomo. Tsiku limenelo anaima panja ngati kasitomala wina aliyense, n'kutenga asanu, n'kumapita. Koma lero anali atalowa, atakhala pa mpando wapulasitiki, ndipo anali ndi nkhani ya ukwati wake.

Mkwati anali Lachlan, mzungu wandevu zofiira wokonza zamagetsi. Lamlungu lililonse iye ndi anzake ankakumana m'paki, n'kuvala zisoti zachitsulo ndi kumamenyana ndi malupanga obuntha, kutsanzira ankhondo a pa akavalo a ku Ulaya wakalekale. Anthu akuluakulu ndithu, ena a imvi, a ntchito zawo zolemekezeka. Ukwati nawo anaufuna wa mtundu womwewo, kumunda wina wa mphesa kunja kwa mzinda. Panafunika matabadi asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri anali obiriwira, a mkwati ndi operekeza ake, okhala ndi nguluwe yofiira pachifuwa, chizindikiro cha mtundu wa Lachlan. Yachisanu ndi chitatu inali ya buluu, yovala munthu amene adzapereke mkwatibwi. Imeneyo inafunika chizindikiro cha kuchikazi, ndipo Miracle anapempha bambo wake kuti asankhe yekha kanthu kakumudzi.

Ankayankhula monga ankachitira kuyambira kale, bambo m'Chichewa, mwana m'Chingelezi cha kuno chotulukira m'mphuno. Miracle anatulutsa pepala la miyeso. Panali mayina asanu ndi awiri, lililonse ndi msinkhu wake ndi chifuwa chake. Mzere wachisanu ndi chitatu unali wopanda dzina, wopanda nambala. Flywell atauloza ndi choko, mwanayo anayang'ana pansi n'kunena kuti za imeneyo adzakambirana tsiku lina.

Flywell anamva kutentha m'maso, n'kutembenukira ku makina ngati akufuna ulusi. Kwa iye nkhani inali yoonekeratu. Mwana wamkazi woleredwa bwino sauza bambo wake maso ndi maso kuti mudzandipereke. Amayang'ana pansi chomwecho. Ndipo ndani angalembere telala miyeso ya thupi lake lomwe?

Apa tinene zoona, poti Flywell mwini sankazibisa. Anabwera ku Australia mu 2009 pa mapepala a mkazi wake Nora, namwino. Ku Lilongwe anali munthu, abusa ndi aphunzitsi aakulu ankaima chilili iye akuwayeza mapewa. Ku Perth anasanduka wokolopa maofesi m'tauni, ndipo kalata iliyonse yofika panyumba inkabwera m'dzina la mkazi. Mtima wa mwamuna nthawi zina ndi chinthu chopusa. Anayamba botolo, botolo linabala mawu, mawu anabala zina zosayenera kuzibwereza. Mu 2012, Miracle ali ndi zaka khumi ndi zinayi, Flywell anakwera ndege yopita kumigodi ya kumpoto kukachapa maovolosi, ndipo anakhala komweko zaka zisanu ndi ziwiri, foni osaimba. Palibe anamuthamangitsa. Pobwerera anali atasiya mowa, koma anapeza Nora atakwatiwa ndi Mulenga, mphunzitsi wa ku yunivesite wochokera ku Zambia, munthu wofatsa ndi wamtali moti ankawerama polowa pakhomo. Chimene Flywell anatsala nacho ndi dzina lokha. Kutchalitchi ankamutchulabe kuti bambo a Miracle, ndipo dzinalo ankalisamala ngati suti imodzi yokha ya munthu wosauka.

Komabe kamtima kena kankamutsina usiku ndi usana. Akanatha kutenga foni n'kufunsa funso limodzi la mawu asanu. Koma bambo safunsa mwana wake ngati ali ndi malo paukwati, ndipo mwamuna sagogoda pakhomo pa mkazi wa mwini kukakamba za banja lakale. Nkhani zotere zimayenda ndi ankhoswe. Choncho anatuma Overstone, mkulu wa mpingo, yemwe anamuimira nthawi imene banja linkatha.

Overstone anayendetsa galimoto mpaka ku Ellenbrook kwa Nora Lachiwiri masana, ndipo Lachinayi anafika m'galaja muja. Anamwa tiyi makapu awiri. Anakamba za kuzizira, za malire otsekedwa, za mayi ake ku Ntcheu omwe sanawaone chiyambire mliri, za katemera amene ena kumpingo ankamuopa. Atatha zonsezo anaimirira, n'kupukuta chipewa chomwe chinalibe fumbi.

“Achimwene, nkhani ija ndinaitula,” anatero. “Inu sokani zovalazo bwinobwino, mwana asachite manyazi pa anthu. Koma za kugula nsapato zatsopano, musathamange.”

Kwathu mthenga wa maliro safika n'kunena kuti uje wamwalira. Amati matenda akula, ndipo aliyense wamakutu amayamba kulongedza zovala zakumaliro. Flywell ankadziwa zimenezi bwino lomwe, iyenso ananyamulapo uthenga wotere. Koma khutu la munthu wofunitsitsa limasankha zomva. Iye anamva zoti asoke bwinobwino, zinazo anaziyesa nthabwala za mkulu woumira. M'mawa mwake ataweruka anapita kusitolo zazikulu za ku Joondalup n'kugula nsapato zakuda. Overstone naye anapita kwawo mtima uli m'malo, akuti wanena. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo apa mbewa zake zinali zitatu, kuwerengera ndi Miracle yemwe.

Obiriwira aja anawamaliza m'sabata ziwiri, akung'ung'udza. Nguluwe zisanu ndi ziwiri anazidula pa nsalu yofiira n'kuzimata ndi makina, ndipo zinatuluka bwino, ngakhale kuti imodzi inkaoneka ngati yakhuta madeya. Ya buluu anaisiyira pomaliza. Anaidula ataima pagalasi, nsalu ili pamapewa pake, akupinda ndi kubaya mapini mpaka inagwa pabondo penipeni monga pa chithunzi. Flywell ndi wamfupi, wachifuwa chachikulu, ndipo tabadiyo inamukhala ngati anabadwa nayo.

Chizindikiro anasankha nkhanga. Kwawo ku Mitundu mayi ake ankaweta nkhanga, ndipo mudzi wonse unkadziwa khomo lawo ndi phokoso la mbalamezo. Thupi lake analidula pa nsalu yakuda, koma maanga anakana kuwapanga ndi makina. Kadontho kalikonse anakasoka ndi singano yamanja, ulusi woyera, madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe, magalasi ali pamphuno. Oda ya mamasiki inaima, amayi a kumpingo anadandaula mpaka anatopa. Munthu yemwe uja ankanyoza tabadi tsopano ankasamba m'manja asanaigwire.

Pakati pa mwezi wa Juni Miracle anadutsa kudzaona ntchito. Obiriwira anawayamikira mwachangu. Atafika pa ya buluu anapendeketsa mutu n'kufunsa ngati imeneyo inali nkhuku. Flywell anaseka mpaka kutsokomola, kenako anamufotokozera za agogo ake, za khola la pamtengo, za tsiku limene Miracle ali ndi zaka zinayi anathamangitsidwa ndi nkhanga yaana n'kukabisala m'miyendo mwake. Mwanayo sanakumbukire. Anayendetsa chala pa maangawo, limodzi limodzi, n'kufunsa ngati onsewo anali amanja. Flywell anavomera. Miracle anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anayang'ana wotchi, nati wachedwa kuntchito kwake kufamase, koma sabata yomaliza adzabwera ndithu kuti akhale pansi awiri.

Kuyambira tsiku limenelo Flywell anayamba kuyeserera. Kuchoka pachitseko cha galaja kufika pa makina panali mapazi khumi ndi limodzi. Ankayenda pang'onopang'ono, mkono wakumanzere ataupinda, nsapato zatsopano zikulira pa simenti. Ankadziuza kuti akungozifewetsa kuti zisadzamulume.

Sabata yomalizayo itafika, matenda anapezekanso m'dera lawo lomwelo la kumpoto, ndipo boma linatsekera mzinda wonse m'nyumba masiku anayi. Miracle sanabwere. Anangolemba pa foni kuti ukwati ulipobe Loweruka, poti m'bindikiro unali kutha Lachisanu, koma lamulo latsopano linali lakuti paukwati pasapitirire anthu makumi awiri. Ena onse adzaonera pa foni pamodzi ndi abale a ku Malawi. Anawonjezera kuti wina adzafika 9 koloko m'mawa kudzatenga zovala. Flywell anawamvera chisoni anthu zana amene anafufutidwa pa mndandanda. Za iye mwini sanade nazo nkhawa, poti anthu makumi awiri angachepe bwanji mpaka kusowa malo a bambo?

Loweruka kunacha kozizira, kumwamba kuli yeretu. Pofika 8 koloko anali atasamba, atameta, obiriwira aja atawapinda m'mapulasitiki. Ya buluu anaipachika kuseri kwa chitseko, mkati mwake muli shati yoyera yosita, pansi pake pali nsapato zija zitaima mogundana. Ankafuna kudzavala pomaliza kuti isakwinyike m'galimoto.

Galimoto itaima, anatuluka Mulenga. Anali m'suti yotuwa, masiki kukamwa, ndipo anawerama polowa m'galaja. Amuna awiriwa ankaonana kutchalitchi, ankapatsana moni waulemu wa anthu amene sakufuna kudziwana. Moni wa lero unali womwewo, wopanda kugwirana chanza monga nyengo inkafunira. Mulenga anayamikira nguluwe zija, n'kuyamba kuwerenga mapulasitiki ndi chala. Anawerenga kawiri.

“Ba Flywell, apa zili seveni,” anatero m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. “Yanga ija ya buluu ili kuti?”

Flywell anayang'ana cha kuchitseko. Mulenga anatsatira maso ake mpaka kuseri kwa chitseko. Anaona nkhanga, anaona kolala yoyera ikusuzumira pakhosi pa tabadi, anaona nsapato. Masiki inabisa pakamwa pake, koma maso anaoneka, ndipo munalibe chipongwe m'menemo. Zikanakhala bwino mukanakhala chipongwe, munthu akanapeza pokwiyira.

“Sanakuuzeni,” anatero Mulenga motsitsa mawu.

Anafotokoza mopunthwapunthwa kuti iye ankayesa kuti nkhani inatha kalekale, kuti a Overstone anauzidwa zonse, kuti Miracle analonjeza kudzanena yekha. Kenako anatulutsa foni m'thumba.

“Ningamutumile manje manje. Ine ningankhale pansi, palibe vuto. Ndimwe munamubala.”

Flywell anaiyang'ana foniyo ndipo mtima wake unailumphira. Kungogwedeza mutu kokha, masana omwewo akanayenda pakati pa mphesa, nkhanga ili pachifuwa, mwana wake ali pamkono. Anadziwanso kuti Miracle sakanakana. Mwana amene analephera kunena mawu amodzi kwa miyezi itatu sakanayamba lero, ali pampando womangitsa tsitsi, azinzake akumvera. Akanavomera, n'kulira pang'ono, n'kupukuta misozi.

“Ndifunse chimodzi chokha, a Mulenga,” anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. “Anasankha ndani, mayi ake kapena mwana?”

Mulenga anayang'ana makina, anayang'ana denga. Anali munthu wosadziwa kunama, ndipo lero khalidwe limenelo linamulemera.

“Ba Nora banakamba ati mwambo ufuna imwe,” anatero. “Mwana ndiye anakana.”

Kunja mwana wa aneba ankagunditsa mpira pakhoma. Flywell anamva chinthu chikuphwasuka m'chifuwa mwake mopanda phokoso, ndipo zinamupweteka kuposa tsiku limene banja linatha, poti tsiku lija anali ndi womuloza chala. Lero analibe. Mwana sanalakwe. Anasankha munthu amene anamuphunzitsa kuyendetsa galimoto, amene anakhala pa benchi la chipatala atachitidwa opaleshoni, amene anajambulitsa naye tsiku lomaliza sukulu. Zonsezo Flywell anazimva mochedwa, kwa anthu, ngati nkhani za mwana wa eni.

Anapita kuseri kwa chitseko, anachotsa shati yake mkati mwa tabadi n'kuiika pa mpando.

“Bwezani foniyo m'thumba,” anatero. “Vulani jekete.”

Tabadi itadutsa pamutu pa Mulenga, vuto linaonekera pomwepo. Pa Flywell inkafika pabondo, pa munthu wamtaliyu inalekeza pakati pa ntchafu ngati wabwereka ya mwana wa sukulu. Mulenga anati zilibe kanthu, palibe adzaone. Flywell anamuyankha kuti zithunzi za ukwati zimakhala pakhoma mpaka zidzukulu, ndipo sipadzapezeka munthu wonena kuti ntchito ya manja ake inachititsa mwana manyazi. Anatenga tepi ndi mapini, n'kugwada pa simenti yozizirayo patsogolo pa mwamuna wa Nora.

Telala amagwadira aliyense, ndi ntchito. Flywell anagwadirapo akuba ndi abusa omwe. Koma mawondo ake anali asanalemerepo chotere. Anayeza kuchoka m'munsi mwa nsalu kufika pabondo, kutsogolo ndi kumbuyo, mapini ali pakamwa, masiki ataitsitsira pachibwano. Nsalu ya buluu inali itatha, koma yakuda yotsala ku nkhanga inalipo yokwanira. Anaganiza zolumikiza mzere wakuda m'munsi, wotambalala ngati chikhatho ndi theka, kuti uoneke ngati unakonzedwa dala. Ali chogwada chomwecho, maso ali pa tepi, anafunsa ngati dzina lake linali pa anthu makumi awiri aja.

Mulenga anati anthu a Lachlan okha ndi operekeza anadzaza kale malo ambiri, ndipo Miracle anavutika nazo kwambiri, ndipo linki yoonera ukwati idzatumizidwa pa gulu la banja 2 koloko. Flywell anagwedeza mutu n'kupempha kuti atembenuke.

Makina analira mphindi makumi anayi. Mulenga anakhala pa mpando wapulasitiki, manja ali pakati pa mawondo. Misozi inabwera Flywell ali pa msoko wachiwiri. Anaimitsa phazi, anavula magalasi, anapukuta ndi kansalu kotsala kuti isadonthere pa ntchito, n'kupitiriza. Atamaliza anasita, namuvekanso, namumanga lamba. Tabadi inagwa pabondo penipeni, ndipo mzere wakuda uja unaikongoletsa kuposa poyamba. Nkhanga yokha ndiyo inakhala m'mwamba pang'ono, pafupi ndi khosi, poti inaikidwa poyeza chifuwa cha munthu wamfupi. Imeneyo panalibe nthawi yoisuntha.

Ananyamulira limodzi zovalazo kupita kugalimoto. Ya buluu Flywell anaigoneka yekha pa mpando wakumbuyo, n'kuiyalira bwino kuti isapindike. Mulenga analowa, analiza injini, anatsitsa galasi ngati ali ndi mawu. Flywell ndiye anawerama pawindo. Anafuna kupereka kanthu kena, kamene bambo yekha angakhale nako, kuti kapite nawo kumeneko m'malo mwake.

“Mukamayenda naye musafulumire,” anatero. “Ndipo muziyang'ana dzanja lake. Akachita mantha amaluma chala chachikulu mpaka magazi. Mukaona akuyamba, mungomugwira dzanjalo, amasiya.”

Mulenga anamuyang'ana nthawi yaitali, ndi chisoni cha munthu amene akanakonda kukhala wabodza.

“Analeka, ba Flywell,” anatero. “Analeka kale maningi, ali na fifitini.”

Flywell anachotsa manja ake pawindo kuti galasi likwere.